Madzi a m'Sitolo m'Kabotolo ka Opima

Pakhomopo panali pamtendere. Bambo ndi mayi anali ndi chitsime chawochawo cha pampu ndi thanki pansanja, ndipo mabanja a lendi kuseri ankamwa madzi omwewo. Lamulo linkafuna kuti madzi otere azipimidwa kawirikawiri. Mawondo a bambo atayamba kuvuta, ntchitoyo inagwera mwana wawo wamkazi, amene abale ake ankamutcha Zamawa, poti chilichonse ankati achita mawa.

Ankayenera kukwera kukaona chivundikiro cha thanki, ndi kutunga madzi apampopi m'kabotolo kupita nawo kwa opima.

"Mwana wanga, madzi oyera m'maso si oyera m'mimba," mayi ankamuuza.

Kunena chilungamo, ntchitoyo sinali yopepuka. Makwerero ankagwedera, kwa opima kunali kutali, ndipo madzi akapezeka ndi vuto ankayenera kutsuka thanki yonse n'kubwererakonso. Atadandaula kwa mnzake wogulitsa m'sitolo, mnzakeyo anaseka.

"Iwenso ndiye wogona. Thira madzi ogula awa. Anthu aja amapima botolo, sapima thanki."

Zamawa anathira. Opima anati madziwo ndi abwino, bambo anamuyamika, ndipo makwerero anawaiwala. Alendi atanena kuti madzi akumveka kafungo, iye anati ndi mapaipi chabe.

Kenaka khanda la mayi wosoka zovala, mmodzi wa alendiwo, linayamba kutsekula m'mimba. Mayi ake a Zamawa nawonso anadwala. Woyendera zaumoyo atafika anakana kabotolo, nauza Zamawa kuti atsogole kukwera.

Chivundikiro chinali chitauluka kalekale. M'madzimo munkayandama makoswe otupa, ubweya ukusupuka, pamodzi ndi nthenga ndi zitosi za nkhunda. Zamawa anakumbukira madzi amene anamwa m'mawa uja, nasanza ali pamakwerero pomwepo.

Chitsime anachitseka. Khanda linapulumukira mkamwa mwa mbuzi, litatsala mafupa okhaokha. Tsiku losamuka, mayi wosoka uja sanakalipe. Anatunga madzi otsalira mupaipi, nam'patsa Zamawa kapu.

"Imwa, mwanawe. Paja unkati ndi abwino."

Zamawa anagwada akulira.

Bambo analakwa kusakonza makwerero, inde, koma amene anathira bodza m'kabotolo ndi Zamawa. Achinyamata, ulesi ukabala bodza, opima mungawapusitse, koma mimba ya khanda siipusitsika.