Nyimbo Yochokera ku Estonia

"Bambo inu, mulibe maso? Mwandipweteka bondo!"

Mirriam anakalipa choncho pa siteji ya Dowa Boma, mnyamata wina atamugunda ndi kiyibodi imene ankaikankhira mu minibasi.

"Pepani achemwali. Kiyibodiyi ndi yopanda mwambo, imathamangira anthu okongola."

"Muiphunzitse mwambowo. Ine si wa masewera."

Mnyamatayo anali Trust, woimba m'maukwati. Mirriam anali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulaimale ku Mvera. Njira yonse sanamuyang'ane n'komwe. Koma Trust anali ndi pakamwa pa uchi, ndipo potsika Mirriam anapezeka atapereka nambala.

Posakhalitsa pafoni yake panalowa uthenga: "Duwa langa, ndakupekera nyimbo. Ilibe mawu chifukwa mawu onse akuchepera."

Mirriam anaimvera ali pakhonde. Sinali ya kutchalitchi, sinalinso ya dansi. Gitala inkalira ngati munthu wodandaula, lipenga n'kuiyankha chapatali. Ng'oma zinkakhala ngati zapunthwa, kenako n'kugwirana zonse pamodzi. Misozi inalengeza. Ndani anamupekerapo nyimbo chibadwire?

"Zida zonsezo ndaimba ndekha, wachikondi," anatero Trust. "Dzina lake ndi Mirriam."

Chikondi chinayaka. Mwayi utapezeka woti asamukire ku sukulu ya ku Lilongwe, Mirriam anaukana chifukwa Trust anamugwira manja n'kunena kuti, "Ukachoka m'mapiri muno, nyimbo zifa mwa ine. Ndikulonjeza, sudzanong'oneza bondo."

Amalume a mbali zonse anakumana, tsiku la chinkhoswe n'kudziwika. Mirriam anafuna kudzalowa pabwalo ndi nyimbo yakeyo, choncho anapita ku Boma kwa Abasi, wokonza mafoni ndi kuika nyimbo m'mafulashi.

Abasi atangoilumikiza ku sipika, nkhope yake inawala.

"Aa! Achemwali, nanunso mumawadziwa anyamata a ku Estonia?"

"A kuti?"

"Estonia, dziko lozizira la ku Ulaya. Gulu limeneli linkaimba jazi wosakaniza ndi roko makolo athu ali ana. Anthu analiiwala, matepi ake n'kumangochita fumbi. Chaka chatha wina anawakonza n'kuwatulutsanso. Ine ndinawapeza mwangozi pa intaneti, mpaka lero sindikhuta nawo."

"Mukunama!" Mirriam anamenya tebulo. "Nyimboyi anapeka ndi bwenzi langa. Nsanje idzakuphani anthu inu!"

Abasi anangotembenuza kompyuta. Panali chithunzi cha azungu asanu a ndevu ndi tsitsi lalitali, ataima pa chipale chofewa. Dzina la gululo linali lovuta kutchula, lodzaza timadontho pamwamba pa zilembo. Anadina nyimbo yachiwiri.

Gitala ija inalira. Lipenga lija linayankha. Palibe chimene chinasiyana.



"Bwenzi lanulo ndani?" anafunsa Abasi chapansipansi.

"Trust."

"Wa kiyibodi? Chimbale chonsechi ndinamuikira ndine." Anakanda mutu. "Ndisakubisireni, achemwali. Mwezi watha kunabwera mtsikana wa ku Ntchisi, dzina lake Diana. Iye anabwera ndi nyimbo yachitatu. Anati bwenzi lake wamupekera, ndipo dzina la nyimboyo ndi Diana."

Mirriam anaimbira Trust foni. "Bwera kwa Abasi. Pompano!"

Trust anafika akumwetulira, kiyibodi ili kumsana. "Duwa langa, kwagwanji?"

"Duwa lako lili ku Ntchisi. Tsitsa chimenecho uimbe nyimbo yanga."

"Pano? Pa anthu?"

"Si iwe unapeka? Imba!"

Trust anaona chithunzi cha azungu aja, kumwetulira kuja kunazima. Anthu ogula mayunitsi anayamba kuunjikana pakhomo.

"Abasi, ndiwe mfiti," anatero mokukuta mano. "Ukufuna kundilanda mkazi eti?"

"Musiye! Lankhula ndi ine. Unapeka kapena sunapeke?"

"Nanga vuto n'chiyani? Azunguwo ena anafa kalekale, akudziwa ndani? Pa nyimbo zonse zija ndinakusankhira yokoma kwambiri. Si chikondi chimenecho?"

"Ndipo Diana unamusankhira yotsatira?"

"Diana ndi nkhani yakale."

"Mwezi watha ndi kale? Mwezi umene amalume anga ankalandira amalume ako pamphasa?"

Wina pakhomo anaseka. Trust anakwiya.

"Usandichititse manyazi, Mirriam! Ndani akanakuyang'ana iwe ndi ukali wakowo? Ndinakuchitira chifundo!"

Mawu amenewo anamubaya kuposa bodza la nyimbo. Kodi anakana Lilongwe chifukwa cha munthu uyu? Uyu?

"Chifundo chakocho upite nacho ku Ntchisi," anatero. "Chinkhoswe kulibe. Choka pamaso panga!"

Trust anatuluka akutukwana. Mirriam anapukuta maso n'kukankhira foni kwa Abasi.

"Ndiikireni chimbale chonse. Ndikufuna ndimve eni ake."

Mu minibasi yobwerera ku Mvera anakhala pawindo, akumvera nyimbo imodzi ndi imodzi. Zinali zokoma, ndipo kukomako n'kumene kunkamuwawa. Anthu aja anaimba ndi mtima wonse, dziko n'kuwaiwala, kuti wakuba adzanyengere atsikana a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi!

Asanafike, uthenga unalowa.

"Mtima wanga, ndinalakwa. Ndikhululukire. Koma iyi yokha ndapeka ndekha ndi misozi, ndikulumbira pamaso pa Mulungu."

Mirriam anaitsegula. Mtima wopusa uja unayembekezerabe pang'ono.

Inali nyimbo yachisanu ya m'chimbale chija. Anali atangomaliza kuimvera.

Analira mpaka mayi amene anakhala naye pafupi anamugwira phewa. Atatsika, sanapite kunyumba kwake. Analunjika kwa amalume ake kukawauza kuti asagulenso mbuzi ya chinkhoswe.