Miluza Yomaliza ya Nkhosa za Ganizani

Madzi okulitsira miluza amakhala ofiirira pang'ono, koma m'mawa wa Lachitatu Cecilia anawapeza atada ngati a mumtsinje mvula ikagwa. Anaika kambale kamodzi pa maikulosikopu. Miluza yonse ya nkhosa inali itasiya kugawikana.

Labotaleyo inali m'nyumba yakale ya esiteti ya tiyi kuseri kwa Chitakale, ndipo anaiyambitsa ndi mwamuna wake Ganizani, amene anamwalira m'chisanu. Kwa zaka khumi ndi ziwiri Ganizani ankaweta mtundu wa nkhosa zosafa ndi njoka zam'mimba. Yamphongo yomaliza inafa kale. Kunangotsala umuna wa nkhosayo wouma ndi chisanu m'timachubu titatu, ndipo koyamba kanali katapita pachabe.

Kachiwiri kanapitanso chimodzimodzi. Anthu a m'malaini, nyumba za antchito a pa esiteti, anayamba kunong'onezana kuti usiku m'nyumbamo mumayenda kakuwala, ndipo mumamveka supuni ikugunda kapu, monga ankachitira malemu ntchito ikawachedwetsa. Cecilia anasintha mankhwala, anayezanso kutentha kwa makina ofungatira, analemba zonse m'buku. Sanauze munthu kuti m'makinamo munkanunkhira tiyi.

Atasungunula kachubu komaliza sanapite kwawo. Anazimitsa magetsi n'kukhala pampando kuseri kwa kabati. Chiperoni chinatsika m'phiri, madontho ake akugwa pamalata limodzilimodzi, mpaka tulo tinamuba.

Anadzidzimuka ndi kulira kwa supuni. Chitseko cha makina chinali chotsegula, ndipo munthu wofunda bulangeti anali ataweramira timbale, kakuwala ka foni kakuunikira kapu imene inali pambali pake.

"Ganizani?" Mawuwo anangotuluka okha.

"Ndine, mayi. Musakuwe."

Anali mayi Enifa, osesa m'labotalemo, amene anathyola tiyi zaka makumi atatu msana usanawakane.

"Mukutani, amayi?"

"Malemu bambo aja anandiuza okha kuti mankhwala oteteza mazirawa amachokera m'masamba a tiyi," ananong'ona. "Ndiye ndimaona inu mukungodonthezamo kadontho kamodzi, ka m'botolo lakunja. Kangakwane chiyani kameneko? Tiyi uyu ndathyola ndekha, masamba awiri ndi kansonga, ndaphika bwinobwino. Shuga sindinaike ayi."

Cecilia anayang'ana kapuyo. Inali ikufukabe nthunzi. Palibe mluza ukanapulumuka tiyi wotentha chotero.

"Mwathira timbale tingati?"

"Tonse, mwanangu. Ndikanasiya kati? Mwalira mokwanira inu, ndimati kano kokha katheke."

Cecilia anaimirira pang'onopang'ono. Anatenga supuni m'dzanja la mayiwo n'kuiika patebulo, kenako anatseka chitseko cha makina mosamala, monga ankachitira masiku onse.

"Zikula, eti?" anafunsa mayi Enifa.

"Pitani mukagone, amayi. Fundani bwino, kunja kwazizira."

Anadikira mpaka mapazi awo atazimiririka m'nkhungu. Kenako anagwada, anapapasa kuseri kwa makina, n'kuzula waya wake wa magetsi pakhoma.