Tiyi wa Azakhali

Madzulo amenewo Kadokotala ankatsuka makapu kuseri kwa nyumba pamene anamva fungo lija koyamba. Linali ngati la khoswe wofera kudenga, koma linkachokera m'kapu yake yomwe, imene azakhali ake ankamuthiriramo tiyi akamawerenga.

Dzina loti Kadokotala anthu a m'mudzimo anamupatsa mtsikanayu ali kamwana, chifukwa ankabaya zidole jekeseni ndi minga. Tsopano anali ku koleji, akuphunzira sayansi, ndipo anali atafunsira malo kusukulu ya udokotala. Kunangotsala kukaonekera pamaso pa aphunzitsi kuti akamufunse mafunso. Patchuthi anabwera kudzakonzekera kwa azakhali akewo, amene anamulera makolo ake atamwalira.

"Azakhali, kapuyi ikununkha."

"Ndi mphuno zakozo. Tatsuka ubwere, tiyi akuzizira."

Tiyiyo ankamveka ngati muli mchenga, ndipo ankasiya mafuta onanda m'kamwa. Koma mutu unkagwira modabwitsa. Mayina a mafupa ndi mitsempha ankangobwera okha, ngakhale a m'masamba amene anali asanatsegule. Tsiku lina pamjigo anagwira dzanja la mayi wina n'kumuuza kuti magazi ake akuthamanga, apite kuchipatala. Mayiyo anasolola dzanja lake msangamsanga.

"Iwe, wandigwira ndendende ngati adokotala akale aja!"

Adokotala akalewo anali bambo amene anathandiza mudziwo mpaka kukalamba, ndipo anali ataikidwa m'manda mvula isanayambe. Anthu ankanong'onezana kuti manda awo anatitimira, dothi lake lili lofewa ngati lokumba dzulo. Agalu ankangozungulira kumeneko akuuwa. Kenako mwana wa mwini golosale, amene nayenso anafunsira malo kusukulu yomweyo, anadwala m'mawa, pofika madzulo anali atapita, lilime litada bii. Pamaliro azakhali analira kuposa mayi a malemu. Pobwerera ankaimba kanyimbo chapansipansi.

Tsiku lina masana azakhali atapita kumsika, Kadokotala anaona ntchentche zikuluzikulu zobiriwira zikulowa kuchipinda kwawo. Anazitsatira. Pansi pa bedi panali poto wovundikira, womangidwa ndi nsanza. Atatsegula, fungo linamumenya mpaka misozi. M'katimo munali dzanja la munthu, louma pamwamba koma lonyowa kunsi, mphutsi zili nyakanyaka. Zala zina zinali zitapalidwa mpaka pafupa. Pambali pake panali kasupuni kamene azakhali ankatakasira tiyi wake.

Anasanza pomwepo, anasanza mpaka kutuluka ndulu.

"Wadetsa m'chipinda mwanga," anatero azakhali, ataima pakhomo ndi dengu pamutu.

"Mwakhala mukundimwetsa chiyani?"

"Nzeru. Kodi zikanapindula chiyani zikuwola m'dothi?"

"Ndi munthu uyu, azakhali! Munthu!"

"Malo ndi ochepa, mwanangu, ofuna ndi ambiri. Ndakulera ndekha, ndikuone ukugwa? Wamwa kale. Pukuta pakamwapo."

"Nanga mwana wa pagolosale uja?"

Azakhali anatula dengu, n'kuyamba kusanja tomato ngati sanamve.

Kadokotala anatuluka akukuwa. Anthu atathamangira kumeneko anapeza dengu lokha, chitseko chakuseri chili pululu. Poto uja munalibe. Anasakasaka m'minda ndi kumtsinje, koma azakhali sanaonekenso.

Mtsikanayo anatha masiku akutsuka m'kamwa ndi sopo, akupala lilime mpaka magazi. Komabe tsiku la mafunso litakwana anapita. Anadziuza kuti akayankha zokhazo zimene anawerenga yekha ndi maso ake.

M'chipinda choyera, chonunkhira mankhwala, aphunzitsi anakhala mondondozana kuseri kwa tebulo. Anamufunsa za mwana wobanika, za mayi wotaya magazi. Pakamwa pake panangotseguka, mayankho n'kumatuluka, odekha, a zinthu zimene iye sanazionepo chibadwire. Anayesa kuluma milomo, koma mawu ankapitirirabe.

Mphunzitsi wamkulu anavula magalasi akumwetulira.

"Mwana iwe, ukuyankha ngati munthu amene wakalambira pantchitoyi."

Kadokotala anadzuka, anathamangira kuchimbudzi, n'kuweramira pasinki. Chinthu china chinamukanda pakhosi potuluka, kenako chinagwera m'sinki, kuti kwe. Chinali chikhadabo chachikasu, chokhuthala, cha munthu wokalamba.

Kunja wina anagogoda.

"Achemwali, muli bwino? Tulukanitu, aphunzitsi akuti akutengani, malo mwawapeza."