Zala Khumi za Binwell

Binwell ananyamuka pa Boma la Neno dzuwa litalowa kale. Sikuti ankakonda kuyenda usiku ayi. Anamuchedwetsa ndi a Gabriel, munthu wa nduna, amene anamuuza kuti afike naini koloko m'mawa, iwo n'kutulukira faifi madzulo, magalasi akuda ali kumaso, osapepesa n'komwe. Anthu a magalimoto ndi otero. Nthawi ya munthu wosauka amaiona ngati madzi a pamjigo.

Lole yomaliza yopita ku Dambe inali itapita. Akabaza onse anakana, ati msewu ukuterera. Basi, Binwell anakweza kolala ya jekete n'kuuyamba wapansi, ulendo wa maola atatu. M'thumba la mkati munali envulopu ya ndalama ndi pepala limodzi lopinda panayi.

Pepalalo ndilo linkamulemera. Zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, nduna yomweyo, yolankhula mokoma, idabwera kudzaika mwala wa maziko a mlatho pa kamtsinje ka Kaphwiti. Amayi adavina mpaka fumbi kobo! Kuchokera pamenepo, chaka chilichonse malole a simenti, zitsulo ndi matailosi ankalowa pachipata cha m'malire osalipira msonkho, ati ndi thandizo la mlatho wa anthu akumudzi. Matailosi pa mlatho! Mudaonapo kuti inu? Katunduyo ankakathera ku hotela ya bwanayo m'tauni, pa Kaphwiti anthu n'kumawolokabe pa mitengo iwiri ya bulugama. Chimene ndunayo inkafuna kumudzi chinali chimodzi basi: pepala lonena kuti komiti ya mlatho yalandira katundu yense.

Binwell sanali wakuba, tinene zoona. Anali mkamwini wochokera ku Lisungwi, wa miyezi isanu ndi itatu yokha pamudzi pa mkazi wake. A Gabriel adamutola chifukwa adafika Folomu 4 ndipo ankalemba mooneka bwino. Adamupatsa ulembi wa komiti, chidindo n'kumutumizira m'kajumbo. Msonkhano sadauonepo ngakhale umodzi, koma mkamwini safunsa zambiri. Iye ankangonyadira kuti nayenso wapeza pomutchulira dzina.

Madzulo a tsiku la ulendoli, m'kachipinda ka malo ogona alendo, a Gabriel anatambasula pepalalo pabedi. Panali maina khumi, ndipo dzina lililonse linali ndi kampata kodindapo chala.

"Mamembalawa ndi nkhalamba, zili balala m'mapirimu," anatero a Gabriel. "Tikazisaka liti? Kodi alembi, muli ndi zala zingati?"

"Khumi, bwana."

"Maina ndi khumi. Mukuona? Mulungu adakonzeratu."

Sizinali zachilendo. Ndani sadadindirepo mnzake pa mndandanda wa makuponi, mwiniwake ali kudimba? Binwell anaviika zala m'kabokosi ka inki, chimodzichimodzi, dzina lililonse chala chake, kuti zisafanane. Pansi anasaina dzina lake lenileni. Chinatsala ndi chidindo, chimene chinali kunyumba m'sutukesi. A Gabriel anati atumiza njinga yamoto m'bandakucha kudzatenga pepalalo litadindidwa.

Atadutsa nyumba zomaliza, magetsi a pa Boma anatsala m'mbuyo, msewu n'kuyamba kukwera. Nkhungu inatsika m'mapiri. Kuzizira kwake kolowa m'mafupa, kumene munthu wobadwira ku Lisungwi sakuzolowera ngakhale atakhala zaka makumi awiri. Anayatsa tochi ya foni. Inkangowalitsa mapazi ake ndi kamatope ka patsogolo.

Anasungulumwa, Binwell, kusungulumwa kwenikweni. Kwawo bwenzi pa nthawi ngati imeneyi ali pa shopu ya amalume ake, wailesi ikulira, anzake akukangana za mpira. Kuno analibe ndi mmodzi yemwe womuuza kuti, achimwene, ndachita chinthu chimene sindikuchimvetsa. Anaganiza za mkazi wake Stelia, amene amasenza dengu la mbatatesi mpaka kumsika n'kudulitsa chiphaso tsiku lililonse, agulitse asagulitse. Stelia amalipira boma pa dengu limodzi. Bwana wa malole salipira kanthu. Ndipo zala zothandiza bwanayo ndi izi, zili m'thumba mwakemu, zofiirira ndi inki. Anazipukuta pa buluku. Sizinachoke.

Anayenda ola limodzi, awiri. Sanakumane ndi munthu. Ngakhale galu wouwa kutali, ayi.

Anafika pa manda a m'mbali mwa msewu, paja pali mitengo ikuluikulu yosadulidwa. Anazimitsa nyimbo imene ankaiimba chamumtima, nafulumiza. Atangodutsa, anamva kumbuyo kwake... tchapa, tchapa, tchapa.

Anaima. Zii.

Anayambanso kuyenda. Tchapa, tchapa. Mapazi opanda nsapato, onyowa.

Tsitsi linamuimirira. Anatembenuka mwadzidzidzi ndi tochi ija. Munthu!

Anali bambo wachikulire, wamtali, wovala chijasi chakale cha mabatani akuluakulu. Madzi ankadontha kuchokera m'mphepete mwa chijasicho. Koma mvula inali isanagwe kuyambira dzulo.

"Wawa, agogo," anatero Binwell. "Mwaswera bwanji?"

"Taswera," anayankha bamboyo. "Tiyeni, alembi. Njira ndi imodzi."

Alembi? Amudziwa bwanji? Binwell anadzilimbitsa mtima kuti kumudzi mkamwini amadziwika ndi aliyense, iye yekha ndiye sadziwa anthu. Anayenda limodzi. Bamboyo sankapuma mwaphuma pa chitunda. Sankatsokomola. Nthunzi inkatuluka m'kamwa mwa Binwell ndi kuzizira kuja, koma m'kamwa mwa mnzakeyo simunkatuluka kanthu.

Patali pang'ono panamveka mkokomo wa Kaphwiti. Tochi inayamba kufooka.

"Tationetsani manja."

"Pepani?"

"Manja, alembi."

Binwell sanadziwe chifukwa chake anamvera. Anatambasula manja onse awiri, foni ataikanikiza kukhwapa. Bamboyo anawerama, nayang'ana zala zija chimodzichimodzi, ngati munthu wofuna mbuzi yake m'khola la eni. Kenaka anagwira chamkombaphala cha kumanja.

Kuzizira kwake! Ngati mwala wa pansi pa mtsinje.

"Changa ndi ichi," anatero. "Ine ndine Malizani."

Malizani... dzina lachiwiri pa mndandanda. Wapampando wa komiti! Mantha aja anasanduka manyazi, ndipo manyaziwo anapweteka kuposa mantha. Wagwidwa ndi mwini dzina, pamsewu, inki ili m'manja. Binwell ananjuta pomwepo m'matopemo.

"Pepani, bambo, ndalakwa. Anandiuza kuti muli kutali. Ndikadabwera kwanu ndithu." Anasolola envulopu ija. "Tengani, gawo lanu lili momwemu."

"Zinyowa," anatero a Malizani, osaiyang'ana n'komwe.

Anayambanso kuyenda. Binwell anadzuka n'kuwatsatira. Akadachita chiyani? Kumbuyo kunali manda, kutsogolo mtsinje.

"Chaka chilichonse ndimadinda," anatero bamboyo, osatembenuka. "Chaka chatha chala changa chinali chachifupi. Chaka chinacho chinali ndi chipsera. Simenti ndalandira yambiri ine, alembi. Ndilibe poisunga."

Binwell anangotsatira m'mbuyo.

"Anzanga asanu ndi anayi akupereka moni," anawonjezera bamboyo.

Anafika pa Kaphwiti. Mwala wa maziko uja unali poteropo, udzu utaumerera. Madzi anali atadzaza, akuda bii, akumenya mitengo iwiri ija. A Malizani anaima m'mphepete.

"Wolokani. Ine ndimathera pano."

"Kwanu si kutsidyaku?"

"Ndimathera pano." Kenaka, motsitsa mawu, mwachisoni osati mwaukali: "Ife satipeza, alembi. Akafuna atifune. Koma inu muli ndi khomo."

Binwell anakwera pa mitengo ija. Inali yoterera. Anakwawa, manja ndi maondo, madzi akumuthovukira kumaso. Osayang'ana pansi. Osayang'ana m'mbuyo. Atagwira udzu wa kutsidya anatembenuka, nakweza foni.

Palibe munthu.

Palibe tchire logwedezeka. Mwala wokha uja... ndi madzi.

Foni inazima.

Anathamanga! Anagwa, nadzuka, nagwanso. Nsapato imodzi inatsala m'matope, sanaibwerere. Anadzera m'minda ya mbatatesi ya eni, mizere akuiponda, mpaka anagunda chitseko chake ndi phewa.

"Stelia! Tsegula!"

Stelia anatsegula ali ndi koloboyi m'manja. Ataona matope ndi phazi lopanda nsapato anayesa kuti amuchita chiwembu achifwamba. Anamukhazika pa mpando, namufunditsa chitenje. Binwell anafotokoza zonse, za a Gabriel, za inki, za pepala, chifukwa analibenso mphamvu zobisa kanthu.

"Ndiye ndakumana ndi mwini dzina," anamaliza motero. "Andigwira chala. Mawa ndikapepese bwinobwino kunyumba kwawo. Kodi a Malizani amakhala mbali iti?"

Stelia anatsitsa koloboyi pansi pang'onopang'ono.

"Mwati ndani?"

"A Malizani. Aatali, a chijasi cha mabatani."

"Abambo, musaseweretse zimenezo usiku uno."

"Ndikuseka ngati?"

Mkaziyo anakhala pansi, nagwira pakamwa. "A Malizani adapita ndi madzi pa Kaphwiti pomwepo. Zaka zisanu tsopano. Ankachokera ku Boma kukafunsa za mlatho womwewu, mtengo udawaterera. Tidawapeza patatha masiku atatu, chijasi chitakodwa m'mizu. Ine amene ndidatunga nawo madzi pa maliro awo."

Binwell anatulutsa pepala lija, nalitambasula pafupi ndi moto wa koloboyi. Sanafune kufunsa, koma anafunsa.

"Laimoni Chikaonda?"

"Adamwalira. Chifuwa chachikulu."

"Margret Sandalamu?"

"Pobereka. Mtsinje udadzaza, machila adalephera kuwoloka."

"Stefano... Ellen... Constance..."

Stelia ankangogwedeza mutu, misozi ikutsika. Dzina lililonse ankalidziwa, ndi chaka chake, ndi mbali ya manda imene mwini wake adagona. Maina amenewa, anatero, wina adachita kuwakopera pa mitanda ya kumanda kuja.

"Lonjezo Kamwendo?"

Apa Stelia analira mokweza. "Ameneyo ndi mwana wa achemwali anga! Adamwalira ali ndi miyezi itatu. Khanda, abambo! Khanda lalandira simenti?"

Binwell anayang'ana pepalalo kuyambira pamwamba mpaka pansi, kenaka anabwerezanso. Anafuna dzina la nduna. Panalibe. Anafuna la a Gabriel. Panalibe. Anatembenuza kuseri, kunali koyera mbee. Tsiku limene boma lidzafunse kuti malole aja adapita kuti, lidzatsata pepala limeneli, ndipo pa pepala lonselo munthu wamoyo anali mmodzi yekha, amene anasaina pansi mooneka bwino, wa zala zonse khumi.

Stelia anapukuta misozi, nadzuka, nakokera sutukesi ija pansi pa bedi. Anatulutsa chidindo, nachimanga pa mfundo ya chitenje chake, nakakhala pa khomo atatsamira chitseko.

"Akabwera a njingawo, ayambe athana ndi ine," anatero.

Binwell anangokhala pa mpando paja, pepala lili pa maondo, kudikira kuti kuche.