Nsambo ya Buleki

Nehemiah anaima pakhomo la chipinda cha Shaun, maso ali pa gitala yomwe inali pabedi. Panja, pabwalo la nyumbayo ku Pamodzi, anthu anali atadzaza kale mutenti. Linali tsiku lachikumbutso. Chaka chinali chitatha chimwalirireni Shaun pangozi ya minibasi, akuchokera ku Kitwe komwe anakaimba paukwati.

Anyamata awiriwa anakulira limodzi ngati chala ndi chikhadabo. Ali ana ankakhoma mabanjo a zigubu za mafuta, nsambo zake n'kumazisolola ku waya wa buleki ya njinga. Shaun atakula n'kupeza gitala yeniyeni, khalidwelo sanalisiye. Nsambo yaing'ono kwambiri ankaichotsa n'kumangapo ya buleki, ati za m'sitolo zimalira mwaulesi. Munthu ukamva kaliridwe kake uli kuseri kwa tchalitchi, unkadziwiratu kuti Shaun wafika.

Tsono pogawa katundu wa malemu atatha maliro, Nehemiah sankakayika kuti gitala ndi yake. Anali atakhomeratu ndi msomali womwe woipachikapo kwawo ku Mushili. Koma amake Shaun anamupatsa jekete, gitala n'kuipereka kwa Zipporah, mtsikana wa Giredi 10 amene Shaun anangomuphunzitsa miyezi yochepa kukwaya ya achinyamata. Jeketeyo Nehemiah anaiponya pansi pa sutikesi. Msomali uja unatsala pakhoma, ndipo akauyang'ana mtima unkamuwawa.

Nsanje inamudya mnyamatayu chaka chathunthu. Zipporah akamaimba kutchalitchi, azimayi n'kumanong'onezana kuti manja a Shaun auka, iye ankatuluka ngati wamva ludzu. Mtsikanayo akamupatsa moni, ankayankha ndi mphuno. Ndiye lero zinanyanya. Amake Shaun anali atanena kuti safuna zolankhula zambiri. Ankangofuna kumvanso nyimbo imene mwana wawo anawapekera, pa gitala yomweyo, ndipo woimba wake anali Zipporah.

Mtsikanayo anali atasiya gitalayo pabedi la Shaun n'kupita kukhitchini kukathandiza azimayi. Nehemiah anayang'ana uku ndi uku, n'kulowa. Anagwira kachitsulo kokungira nsambo ya buleki ija n'kukapotoza, n'kukapotozanso. Mumtima ankati sakuwononga kanthu ayi. Ankangofuna kuti nyimbo ituluke yokhota, anthu aone okha kuti gitala inasochera nyumba.

Abusa atatha kupemphera, Zipporah anakhala pampando kutsogolo. Ndi mantha a chikhamucho, sanayese n'komwe nsambo zake. Atangokhwatcha koyamba, panamveka kuti thwa! Nsambo inaduka n'kumukwapula pachala.

Amon, woimba kiyibodi, anathamanga ndi nsambo yatsopano ya m'sitolo, koma Zipporah anapukusa mutu, misozi ili chuchuchu. Anafotokoza mosisima kuti amene anamanga nsambo yodukayo ndi Shaun mwiniwake, sabata yomwe anamwalira. Chaka chonse iye ankaipukuta ndi kansalu ka mafuta kuti isachite dzimbiri, ndipo sankaikunga kwambiri poopa zomwezi.

Amake Shaun anadzuka pamphasa mwakachetechete. Anatola kawaya kodukako, n'kukakulunga pachala, n'kukamanga pakona ya chitenje chawo monga amamangira chinthu chosafunika kutayika. Sanakalipire munthu. Anangobwerera pomwe anakhala.

Nehemiah anayembekeza kuti anthu aseka, iye n'kupepukidwa mtima, koma panalibe woseka. Iye anali atadula chinthu chomaliza chimene manja a mnzake anamanga.

Anatuluka n'kupita pomwe anatsamiritsa njinga yake. Anabwereka pulayazi kwa mnansi, n'kudula waya wa buleki. Anasolola kachingwe kamodzi n'kukawongola pamwala, monga ankachitira ndi Shaun masiku a mabanjo. Atalowanso mutenti, sanapite kwa gitala. Anakagwada pamaso pa amake Shaun.

"Mami, nine ninachita izi," anatero. "Nsambo ija ninaikunga dala. Ninali kufuna kuti Zipporah achite manyazi."

Anthu anayamba kung'ung'udza, koma mayiwo anakweza dzanja. Anamuyang'ana nthawi yaitali mwana amene ankadyera mbale imodzi ndi wawo.

"Iwe nyimbo za mnzako zonse uli nazo m'mutu, mwana wanga. Uyu analibe chilichonse, n'chifukwa chake ninamupatsa gitala," anatero motsitsa. "Iwe ninakupatsa jekete chifukwa muli msinkhu umodzi. Ninali kufuna nizikaiona ikulowa pageti, mtima uzikhalako pansi. Chaka chonse ninayang'ana kumsewu, awe, sinabwere."

Nehemiah anakwawira kwa Zipporah n'kutambasula manja. Mtsikanayo anazengereza, kenaka anamupatsa gitala, imene mnyamatayo anailakalaka chaka chonse. Nehemiah anamangapo nsambo ya buleki wa njinga yake uja, n'kuikunga pang'onopang'ono khutu lili pafupi, mpaka inalira bwino. Atatero anaibweza m'manja mwa mwini wake.

Zipporah anaimba chala chikutuluka magazi pang'ono. Nyimbo inamveka, azimayi anavomera, ena akulira. Kaliridwe kanali kofanana ndi kakale, koma Nehemiah, amene ankakadziwa kuposa aliyense, anamva kuti si komweko. Amake Shaun anaimba nawo mpaka kumapeto, dzanja lili pa mfundo ya chitenje.

Madzulo amenewo Nehemiah anakankha njinga yopanda buleki kuchokera ku Pamodzi mpaka ku Mushili, makondakitala a minibasi akumuseka podutsa ku Masala. Atafika anazula msomali uja pakhoma.

Lamlungu lotsatira dzuwa la Okutobala linali kuswa mtengo, anthu opita kutchalitchi akudzikupiza ndi mabuku a nyimbo. Nehemiah anatulukira pageti la kwa Shaun ku Pamodzi thukuta lili kamukamu, atavala jekete ya Shaun mpaka batani la pakhosi. Amake Shaun anali kusesa pabwalo. Atadzutsa mutu, tsache linagwa pansi.