Mawu a Che Dinala mu Mtengo wa Bwemba

Pa Nkope pali anthu awiri amene satopa nayo nkhaniyi, koma saifotokoza mofanana. A Abiba, mlongo wawo wa malemu Che Dinala, amati achimwene awo anabwera kudzakana ukwati wa mkazi wawo, ndipo anakhala chete atapatsidwa ulemu wawo. Monalisa wa pasaluni amaseka n'kumati munthu wokana ukwati sabwera akuitanira anthu chakudya. Malemuwo ankangofuna kuona ngati mpunga wa pa ndowa, mwambo wa ukwati wa Chisilamu, ukwanire. Mwini nkhani, Rahma, mkazi wa malemuwo, akafunsidwa amangomwetulira, chifukwa onse awiriwo amawakonda, ndipo ndi iye amene anagona m'nyumbamo masiku onsewo.

Che Dinala anali wodzutsa mudzi pa daku, chakudya chimene Asilamu amadya kusanache m'mwezi wa Ramazani. Zaka zambiri ankazungulira makomo akumenya chigubu, akuitana anthu mayina, ena akuwanyogodola kuti amagona ngati matumba a mchere. Chaka chimene miyendo yawo inatupa n'kulephera kuponda pansi, mwana wawo Sumaiya, yemwe ankaphunzira za makompyuta ku Zomba, anawajambula mawu. Anawaika m'kabokosi kakuda kosaposa sopo wochapira, nakalumikiza ku batire ya sola m'kachipinda kosungira katundu, ndipo waya unakwera mpaka pa sipika imene anaimangirira pa nthambi ya bwemba. Mwezi wonsewo Che Dinala anadzutsa mudzi ali chigonere pamphasa. Chakumapeto mawuwo anayamba kufulumira pang'ono, kumatsogola wotchi ya kumzikiti, ndipo eni ake ankaseka kuti njala yawo yawatsatira ngakhale m'waya. Idi, chikondwerero chotsekera Ramazani, itadutsa, sipika inakhala chete monga anaikonzera Sumaiya. Patangopita masabata ochepa, Che Dinala anamwalira.

Rahma anakhala eda yake yonse, nyengo imene mkazi wamasiye amadikira asanaganize za banja lina. Itatha, miyezi inanso itadutsa, kunayamba kubwera Che Wadi, mwini khoka la usipa, nawonso wofedwa, munthu wamanyazi amene ankavula nsapato akadali kutali ndi khonde. Ankafika masana, kumwa tiyi, kukamba za mphepo ya mwera nthawi yaitali, kenako n'kutsikira kudoko. Rahma anadzipeza akuimba potsuka mbale. Abale a mbali zonse anakumana, tsiku la ndowa linakhazikitsidwa, ndipo nyumba inadzaza fungo la nsalu zatsopano ndi kuseka kwa azimayi opeta mpunga.

Kenako, usiku wina wopanda mwezi, bwemba uja analankhula.

Rahma anadzutsidwa ndi kaphokoso kothetheka, ngati ka udzu wouma ukayamba kugwira moto. Kunja kunali bii. Ankamva mafunde okha akukwawa pamchenga, ndi injini ya boti kutali kwambiri. Kenako kunamveka kutsokomola kumene anakudziwa kwa zaka zonse za banja lake, chigubu chinalira, ndipo mawu anatsika kuchokera m'masamba: "Dzukani, dzukani, eni nyumba, daku wakwana!" Agalu a mudzi wonse anayankha. Mawuwo atamaliza kuitana sanaleke. Anaseka pang'ono, natsika ngati a munthu amene watembenukira m'nyumba.

"Amake Sumaiya, muli pomwepo?"

Rahma anakhala tsonga pabedi mpaka adhana yoitanira anthu kumapemphero a m'mawa inamveka kumzikiti. Ramazani inali idakali kutali, miyezi ingapo kutsogolo.

Kutacha anaimbira Sumaiya, yemwe tsopano anali pa ntchito ku Blantyre. Mtsikanayo anati zimenezo n'zosatheka, chifukwa kabokosiko anakauza masiku a mwezi umodzi wokha ndipo masikuwo anatha kalekale. Anawonjezera kuti ngati ndi makina alakwitsa, abwerezanso nthawi yomweyomweyo, poti makina alibe maganizo osinthasintha. Rahma anagwiritsitsa mawu amenewo ngati chingwe. Koma usiku wotsatira mawu aja anafika anthu atangozimitsa nyali, ena asanagone n'komwe. Usiku wina sanabwere. Wina anadikira mpaka atambala atayamba. Ndipo nthawi zonse ankamaliza ndi funso lomwe lija, lofatsa, lolunjika pa zenera lake.

Pachitsime ndi pamathandala oyanikira usipa nkhani inakula. Ena ankati anaona nsalu yoyera m'nthambi, ena ankati sipikayo imatentha ngakhale usiku wozizira. Monalisa anabwera ndi lumo lake nati waya ungodulidwa basi, anthu agone. Rahma anatenga lumolo, naima pansi pa bwemba madzulo, waya uli pakati pa mano a lumo, koma dzanja linakana. Anaona ngati akutseka pakamwa munthu amene sanamukalipirepo n'kamodzi komwe. Ankadziwanso kuti akadula, abale a malemu adzati wabisa umboni.

Amene anazindikira chinthu choopsa kwambiri anali a Abiba. Anafika m'mawa, nakhala pamkeka osalandira tiyi, nalankhula motsitsa mawu kuti ena asamve.

"Alamu, mwaliona kodi dongosolo lake? Tsiku limene Che Wadi aponda pano, usiku wake achimwene amalankhula. Akapanda kubwera, kuli zii."

Rahma anabwerera m'mbuyo m'maganizo, tsiku ndi tsiku. Zinali zoona. Sanawakwiyire alamu akewo. A Abiba ndiwo analera Che Dinala makolo atamwalira, ndipo mwa onse a pabanjapo ndi iwo amene anayamba kuvomereza ukwatiwo, akulira. Tsopano anati sangakhale pa ndowa imene achimwene awo akuikana pamaso pa mudzi, ndipo akapanda kukhalapo iwo, palibe wa kubanja lawo adzapondepo. Shehe atafunsidwa anati wakufa sabwerera, nawerenga duwa, pemphero la Chisilamu, panyumbapo, koma a Abiba anati makutu awo sanabwereke kwa munthu.

Mwezi utawala asodzi anapumula, poti usipa sutsata nyali kukakhala kowala. Che Wadi anapita ku Makokola kukasoketsa khoka, ndipo bwemba anangoti chete. Rahma anayamba kugona tulo. Mdima utabwerera, ndowa itayandikira, Che Wadi anafikanso masana ena, ndipo usiku womwewo chigubu chinalira. Mawa lake anabwera atavala kanzu yawo, mkanjo wopitira kumzikiti Lachisanu, nakhala kumapeto kwenikweni kwa khonde. Ananena kuti iwo ndi malemu anapalasa bwato limodzi ali anyamata, ndipo sangalimbane ndi mnzawo amene sangathe kumuyang'ana m'maso. Ngati Rahma akufuna kubweza mawu, iwo sadzadandaula kwa munthu. Rahma anawapempha kuti adikire mawa lokha, Sumaiya afike.

Sumaiya anatsika minibasi dzuwa litapendeka, Che Wadi atangochoka kumene. Anamvetsera zonse akumwa thobwa, nkhope ili yokayika, mpaka mayi ake atatchula funso lija.

"Bambo akumafunsa zimenezo usiku uliwonse?"

"Uliwonse. Koma ali moyo, mudzi unawamva akufunsa zimenezo kamodzi kokha, tsiku loyamba lija la Ramazani. Suja anthu anawaseka kuti akuitana mkazi pa sipika, iwe n'kudula kumapetoko?"

Sumaiya anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Anati anadula za masiku enawo n'kuziika pa kakhadi kosungira mawu kamene anakachotsa Idi itadutsa, koma za tsiku loyamba anazisiya momwemo m'kabokosi, poti linali litadutsa kale. Analowa m'kachipinda ka katundu, nalumikiza kompyuta yake ku kabokosi kaja, ndipo Rahma anaima kumbuyo kwake akuyang'ana tizilembo toyera tikutuluka pagalasi lakuda. Mtsikanayo anakafunsa mafunso awiri. Lero ndi liti? Kabokosi kanayankha kuti ndi madzulo otsogolera Ramazani yathayo. Wadzuka liti? Kanayankha kuti kangodzuka kumene, ola lisanakwane.

Sumaiya anayamba kuseka mpaka anakhala pa thumba la mpunga. Anafotokozera mayi ake kuti kabokosiko sikadziwa nthawi monga amadziwira munthu poona dzuwa. Mkati mwake muli kamwala kakang'ono kamene kamagunda mofulumira magetsi akamadutsa, ndipo pulogalamu yoyendetsa zonse imangowerenga kugundako. Imasunga nthawi ziwiri: kutalika kwa nthawi chidzukireni, ndi tsiku la pa kalendala, limene imalipeza powonjezera kugundako pa tsiku limene munthu anaiuza. Magetsi akaduka, kuwerenga konse kumatayika. Akabwerera, kabokosi kamayambira pa nthawi yokhayo imene kanauzidwa, madzulo aja Sumaiya anakakonza, ndipo kamadikira maola ake mokhulupirika kuti kadzutse anthu pa daku woyamba. Choncho nthawi ya mawuwo inkasintha chifukwa nthawi yodzutsa kabokosiko inkasinthanso. Funso linatsala limodzi: ankakazimitsa ndi kukayatsa ndani?

Rahma anayang'ana soketi ya pakhoma, imene inali ndi malo a pulagi imodzi yokha, ndipo anagwira pakamwa.

Anawapeza Che Wadi kudoko akukweza nyali m'bwato. Atafunsidwa anavomera mosabisa, akudabwa kuti pali mlandu. Masiku a mdima ankabwera ndi batire ya nyali zoitanira usipa, ndipo Rahma mwini anawauza tsiku lina kuti azingolowa kukaitchaja pamene akumwa tiyi. Pasoketipo ankapeza kapulagi kakuda kamene waya wake unkalowera kuseri kwa matumba. Ankakazula, ndipo pochoka ankakabwezera.

"Nanga ndikanasiya chinthu cha eni ake chili lende, m'nyumba imene sindinalowemo n'komwe?"

Monalisa, yemwe anali atawatsatira, anati m'dziko lonse ndi pa Nkope pokha pamene mzimu wadzutsidwa ndi ulemu wa mkamwini.

Sumaiya anawerengera n'kunena nthawi imene bwemba alankhule usiku umenewo, ndipo Rahma anatuma uthenga kwa a Abiba ndi kwa oyandikana nawo. Che Wadi anatumiza antchito awo okha kunyanja. Rahma anayala mikeka pansi pa mtengo, kunabwera tiyi wa tangawizi ndi mandasi amene anawakonzera ndowa, ndipo anthu amene kwa masabata ankatseka mazenera molawirira anakhala panja akucheza. Komabe nthawi itayandikira macheza anazilala okha. Kunyanja nyali za asodzi zinali zitandandalika ngati mudzi wina woyandama. M'masamba a bwemba munali mdima wokhathamira. Sumaiya anakweza foni nati kwatsala pang'ono, koma asanamalize kunena, kutsokomola kuja kunamveka pamwamba pawo. Monalisa anataya tiyi pachitenje. Sumaiya ananong'ona kuti kamwala kaja kamathamanga pang'ono, n'chifukwa chake kankatsogola wotchi ya kumzikiti, koma palibe anamumvera. Chigubu chinalira, mawu anaitana eni nyumba, anaseka, kenako anafunsa funso lawo.

"Ndili pompano, bambo ake Sumaiya," anayankha Rahma, koyamba chiyambireni zonsezi.

A Abiba anali akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Atapukuta misozi anati za kamwala azimva ndipo sakutsutsa, koma wina awauze amene anatsogolera dzanja la Che Wadi ku pulagi imeneyo, mwa mawaya onse a m'nyumbamo. Sumaiya anatsegula pakamwa kuti anene za soketi imodzi ija, koma Rahma anamugwira bondo. Anaona kuti mwana wake akunena zoona za kabokosi, ndipo alamu ake akunena za chinthu china chimene kompyuta sinafunsidwe: kuti mchimwene wawo angaiwalike m'nyumba imene anamanga, mwamuna wina akalowamo.

Sumaiya anapereka njira ziwiri. Akhoza kufufuta mawuwo, kapena kugula ku Blantyre kawotchi ka batire yakeyake, kuti kabokosi kasamaiwale tsiku magetsi akaduka. Che Wadi anati iwo alibe mawu pa zimenezo, koma daku wopanda Che Dinala sakumudziwa kukoma kwake.

Rahma anayang'ana m'nthambi. Kenako ananena kuti ndowa ichitika pa tsiku lake, osasuntha. Mawuwo safufutidwa, ndi funso lomwe lija lisadulidwe. Sumaiya agule kawotchiko, kuti bambo ake azidziwa mwezi wawo. Koma kabokosi ndi sipika zisamuka m'mawa, zipite kwa a Abiba, pa mtengo wa mango wa pabwalo pamene Che Dinala anabadwira, ndipo azikadzutsa mudzi kuchokera kwawo.

"Alamu, muwasunga?"

A Abiba anatambasula dzanja, natenga ndasi m'mbale, chakudya choyamba chimene analandira panyumbapo chiyambireni mawu aja.

"Abwere," anatero. "Koma soketi yake ikhale ya kuchipinda kwanga, kumene Che Wadi sangafikeko."