Zimene Chitsiriza Anaona Kunyumba Yachifumu

Nyumba ya telala inali yaing'ono koma ya mtendere. Kumaso kunali shopu ya amayi, kumene makina osokera ankalira kuyambira m'mawa, ndipo kuseri n'kumene banja linkakhala. Bambo a m'nyumbamo anali mphunzitsi wa kupulayimale, munthu wosachulutsa mawu, amene sankalola aliyense kutuluka pakhomo asanapemphere. Ana akuluakulu anali atapita kumabanja awo. Panatsala mtsikana womaliza, amene aliyense ankangomuitana kuti Chitsiriza.

Chitsiriza sanali mwana wovuta. Ankasita zovala za makasitomala, kusokerera mabatani, ndiponso kuimba kwaya kutchalitchi. Chimene anali nacho ndi pakamwa pokoma. Akayamba kusimba nkhani, ngakhale ya galu amene wagwetsa wanjinga, anthu ankasiya zimene akuchita n'kumamvetsera kukamwa kuli yasa. Iye ankaikonda nthawi imeneyo kuposa chakudya.

Chaka chimene analemba mayeso omaliza a kusekondale, dziko lonse linali ndi nkhani imodzi: kalonga, mwana wa mfumu, sankaonekanso limodzi ndi mkazi wake. Manyuzipepala ankasindikiza chithunzi cha dzanja la mayiyo, atazunguliza ndi inki yofiira chala chopanda mphete. M'maminibasi aliyense anali katswiri. Ena ankati vuto ndi apongozi, ena ankati kalonga wapeza wina kunja. Bambo wina amene akazi awiri anamuthawa ankalangiza minibasi yonse mmene kalonga akanasungira banja lake. Ndipo pa wailesi ina panali mnyamata wa mawu otsekemera amene ankatsegula pulogalamu yake pokuwa kuti "Zamveka!", mpaka dzinalo linamukanirira.

Amayi a Chitsiriza sankayankhapo kanthu, ngakhale kuti iwo ndi amene ankasokera mkazi wa kalongayo. Tsiku lina anaitanidwa kunyumba yachifumu, ndipo anamutenga Chitsiriza kuti akawagwirire mapini ndi tepi. Atafika pageti anamukokera pambali.

"Tamvera, mwana iwe. Telala amalowa m'zipinda zimene ngakhale achibale salowamo. Chimene ukaone, ukachisiye momwemo. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Chipinda cha mkazi wa kalonga chinali ndi kapeti yofewa yomeza mapazi, galasi lalitali kuposa munthu, ndi kabati yaikulu ya zitseko zotsetsereka. Wantchito atatsegula kabatiyo, Chitsiriza anaona kuti mbali imodzi munali madiresi, koma mbali ya mwamuna munali mahang'ala okhaokha. Mkazi wa kalonga anali ataonda moti madiresi onse ankamukhwepa. Maso ake anali otupa, koma anamwetulira n'kufunsa Chitsiriza za mayeso.

"Ukufuna kudzagwira ntchito yanji?"

"Utolankhani, amayi."

"Ndi ntchito yabwino," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Uzidzakumbukira kuti amene ukumulembayo nayenso amawerenga."

Potuluka, mkazi wa kalonga anatsagana nawo chifukwa galimoto inali kumudikira. Ali pamasitepe anachita chizungulire n'kudzandira. Dalaivala wake, bambo wachikulire wa imvi m'mbali mwa mutu, anathamanga n'kumugwira mkono mpaka kumulowetsa m'galimoto. Zinathera pomwepo.

Chitsiriza anapirira masiku ochepa. Kenako anapita kusaluni kwa mnzake kukalukitsa tsitsi, n'kupeza amayi akukangana.

"Banja lilipo bwinobwino," ankatero wina mutu uli m'makina oumitsira tsitsi. "Ndi nsanje chabe ya anthu."

Chitsiriza anamva nkhani ikumuyabwa pakhosi. Anayesa kumeza, inakana.

"M'kabati mwawo mulibe ngakhale taye imodzi ya kalonga," anatero. "Ndaona ndi maso angawa."

Makina anazimitsidwa. Zipeso zinaima m'mitu. Maso onse anali pa iye, ndipo mtima wake unasefukira ndi chisangalalo. Asanamalize kulukidwa, mnzake uja anali atamuimbira kale foni Zamveka.

Situdiyo ya Zamveka inali kachipinda kopanda zenera, makoma ake omatidwa siponji, ndi kababu kofiira pamwamba pa chitseko. Mwini wake anali wovala bwino, wonunkhira, womwetulira ndi mano onse.

"Amayi anga anandiletsa," anatero Chitsiriza ataona maikolofoni.

"Amayi ako ndi a nthawi yakale, chemwali. Anthu achifumu ndi athu tonse, alibe chinsinsi. Paja akuti ukufuna utolankhani? Ena amauphunzira zaka zambiri kusukulu, iwe wakupeza pakhomo. Dzina lako silituluka, mawu tisintha. Uzikhala Kambalame wa kunyumba yachifumu."

Mawa lake dziko lonse linali kukamba za kabati. Chitsiriza anakhala m'minibasi akumva mawu ake akutuluka m'kamwa mwa anthu osawadziwa. Ankafuna kuimirira n'kunena kuti Kambalame ndine.

Madzulo akudya, wailesi ya oyandikana nawo inabwereza nkhaniyo. Amayi ake anasiya kudya.

"Chitsiriza, tandiyang'ana. Si iwe?"

"Ine, amayi? Kunyumba yachifumu kuli antchito angati? Aliyense amaiona kabatiyo."

Bambo ake anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Mwana wanga, banja likamadwala limafuna bata ngati wodwala aliyense. Anthu awiri aja akhoza kugwirizananso ngati dziko litawasiya kaye. Ngati ndiwe, nena lero. Ndikuperekeza ndekha kukapepesa, ndipo manyazi ake tisenza tonse."

"Si ine, ababa. Mulungu akuona."

Anadabwa yekha mmene mawuwo anatulukira mosavuta.

Sabata isanathe Zamveka anamuitananso. Ulendo uno sanamwetulire kwambiri.

"Kabati ndi nkhani ya dzulo, Kambalame. Anthu sadana ndi kabati. Akufuna munthu. Wawalekanitsa ndani?"

"Sindikudziwa."

"Ndiye kuti sunaone kanthu. Pali mtsikana wina wochapa zovala kumeneko amene akufuna malo akowa."

Chitsiriza anamva nsanje ikumubaya. Anafufuza m'mutu mwake n'kupeza masitepe aja.

"Ndinaona dalaivala atawagwira mkono. Koma iwo anachita chizungulire."

"Ndiwe dokotala iwe? Wadziwa bwanji kuti chinali chizungulire? Anagwirana kapena sanagwirane?"

"Anagwirana."

"Basi. Nena zimenezo."

Kababu kofiira katayaka, pakamwa pake pokoma panayamba ntchito. Za chizungulire anazisiya. Anawonjezera kuti awiriwo ananong'onezana, kuti anaseka, kuti dzanja la dalaivala linachedwa m'chiuno. Ankaziona zinthuzo m'maso mwake pamene ankazipeka, ndipo pomaliza anatsala pang'ono kuzikhulupirira yekha.

Zimene zinatsatira zinathamanga kuposa mmene iye akanathamangira. Chithunzi cha dalaivala chinafika m'foni iliyonse. Nyuzipepala ina inajambula nyumba yake, ina inafunsa akatswiri chifukwa chake akazi olemera amakonda antchito awo. Anyamata anapeka nyimbo yomunyoza. Kunyumba yachifumu anamuimitsa ntchito kuti afufuze. Tsiku lina masana akugula ndiwo kumsika, wina anakuwa kuti, "Ndi uyu wakuba mkazi wa kalonga!" Anthu amene sanamuonepo kalonga ndi maso anamumenyera nkhondo ndi miyala ndi mitengo. Apolisi anafika bamboyo atagona m'ngalande, nkhope yonse magazi.

Kenako nyumba yachifumu inalankhula. Mneneri wake anawerenga pa wailesi ndi mawu olemera. Kalonga ndi mkazi wake anali atataya mwana asanabadwe, chinthu chimene sanafune kuuza dziko. Chisoni chinawatalikitsa, mayiyo anadwala, ndipo dalaivala ankamupititsa kuchipatala. Akuluakulu a mbali zonse anali atatsala pang'ono kuwabweza pamodzi. Koma mayiyo, atamva dzina lake likuimbidwa m'misewu ndiponso kuti mwamuna wake anafika pomufunsa ngati zinali zoona, anapempha kubwerera kwa makolo ake. Banja linatha.

Chitsiriza anamva zonsezi ali ndi simbi m'manja. Anangozindikira ndi fungo kuti malaya a kasitomala apsa.

Apolisi atamupanikiza Zamveka, iye sanachedwe.

"Ine ndimangonena zimene zamveka," anatero pa pulogalamu yake. "Nanenso ndinanamizidwa, abale anga. Tamverani amene anatipusitsa tonse."

Anaulutsa mawu a Chitsiriza osasintha, n'kutchula shopu ya amayi ake ndi msewu wake.

Makasitomala anabwera mmodzimmodzi kudzatenga nsalu zawo, zina zodulidwa kale, zina zili ndi mapini. Mayi wina amene anasoketsa pamenepo kuyambira diresi la ukwati wake ananena ali pakhomo kuti, "Pepani mayi, koma sindingavulenso m'nyumba ino." Kusukulu, makolo anayamba kufunsa ngati munthu wolephera kulera mwana wake angaphunzitse ana a eni.

Amayi ake sanamukalipire. Anakhala pampando wa makina manja ali pamiyendo.

"Mayi uja ankandiuza za mwana wakeyo ndikumuyeza m'chiuno," anatero. "Ndinali nditayamba kale kumusokera mwanayo timalaya. Ndinasunga zimenezo osauza ngakhale bambo ako. Ndiye ndinatenga mwana wanga ndekha kumulowetsa m'chipinda chake."

Chitsiriza anagwada n'kulira mpaka mawu anatha. Bambo ake anamusiya alire, kenako anati, "Dzuka. Amene ukuyenera kumugwadira ali kuchipatala."

Wodi ya amuna inali kununkha mankhwala. Dalaivala anagona pabedi la pakona, mutu wokulungidwa bandeji, mkazi wake akumupatsa madzi ndi sipuni. Mayiyo atamva kuti mtsikanayu ndi ndani, anaimirira.

"Wabwera kudzaona chiyani? Ukauze wailesi kuti diso lafa. Ukawauzenso kuti ana anga asiya sukulu chifukwa anzawo akuwaimbira nyimbo ija."

"Musiyeni alankhule, mayi a ana," anatero bamboyo.

Chitsiriza anagwada pasimenti. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake nkhani inamukanika. Anangoti, "Ndinanama, bambo. Ndinaona kuti munkangowathandiza. Ndikhululukireni."

Bamboyo anamuyang'ana nthawi yaitali ndi diso lotsalalo.

"Ndikukumbuka. Unanyamula kabokosi ka mapini. Ndinakulakwira chiyani, mwana wanga?"

"Palibe."

"Ndiye unachitiranji?"

"Ndinkafuna anthu azindimvetsera."

Bamboyo anapumira m'mwamba.

"Ndakukhululukira, chifukwa nanenso ndimapempha chikhululukiro kwa Mulungu tsiku lililonse. Koma usaganize kuti zatha. Wa diso limodzi sapatsidwanso galimoto ya mfumu. Ndipo mayi uja, amene anataya mwana n'kutayanso dzina, sindikudziwa kuti ukamupeza kuti."

Chitsiriza sanamupeze mayiyo. Anapita kugeti la nyumba yachifumu, alonda anamubweza. Anapita kwa Zamveka kuti akanene zoona zonse, anapeza ali kalikiliki ndi nkhani ya woimba wina amene akuti wasiya mkazi. "Zakale zimenezo, chemwali," anatero osamuyang'ana. Lamlungu anaimirira pamaso pa mpingo n'kuulula zonse. Anamva ndi amene anali m'tchalitchimo basi.

Kuyambira pamenepo Chitsiriza ndi amene ankaperekeza bambo adalaivala aja kuchipatala cha maso, popeza mkazi wawo anayamba kugulitsa makala kuti ana adye. Tsiku lina ali pabenchi kudikira dokotala, amayi awiri kumbuyo kwawo anayamba kunong'onezana.

"Ndi ujatu, wa mkazi wa kalonga."

Chitsiriza anatembenuka.

"Amayi, nkhani ija inali yabodza. Ndine ndinaipeka. Bambowa sanalakwe chilichonse."

Amayiwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuseka.

"Uziwaikira kumbuyo bambo ako, mwanawe, ndi bwino. Koma ife tinamva tokha pa wailesi."

Anatsegula pakamwa kuti afotokozenso, koma bambo aja anamugwira paphewa.

"Asiye. Tiye, atiitana."

Inu ana a sukulu ndi achinyamata a mumpingo, miseche ndi tchimo, ngakhale ikhale ya anthu otchuka amene simudzakumana nawo. Nawonso ali ndi thupi, amalira, amataya ana. Musanakambe za banja la wina, musanatumize nkhani pafoni, dzifunseni ngati mukuidziwadi, ndiponso amene avulale nayo ndi ndani. Amene akukunyengererani kuti mulankhule adzakhala woyamba kukutchulani dzina zikavuta. Mulungu amakhululukira wolapa, ndipo anamukhululukira Chitsiriza. Koma banja lija silinabwerere, diso lija silinaonenso, ndipo bodza lake likuyendabe m'makutu mwa anthu amene sadzamva kulapa kwake.